Kompyuta imene imadikira ndiyo iyenera kuchita bind

Makompyuta akamatumizirana mauthenga pa netiweki, pamafunika kuti imodzi ikhale pa adiresi yodziwika n'kumadikira, enawo n'kumaifunafuna. Yodikirayo imachita bind, kutanthauza kuti imauza dongosolo la kompyuta kuti socket yake (khomo limene pulogalamu imatumizira ndi kulandirira mauthenga) yatenga adiresi yakutiyakuti ndi port (nambala ya khomolo) yakutiyakuti, ndipo aliyense wofika pamenepo alandiridwe. Njira imeneyi inafala kuchokera mu 1983, pamene masocket a ku yunivesite ya Berkeley anatuluka mu dongosolo la kompyuta la 4.2BSD, koma ine ndimaigwiritsa ntchito kwambiri kudzera mu ZeroMQ, chida chothandiza mapulogalamu kutumizirana mauthenga, imene inayambika mu 2007 ku kampani ya iMatix ya Pieter Hintjens. Mu ZeroMQ ntchito yonse ndi mzere umodzi, socket.bind("tcp://*:5555"), ndipo kufupika kwakeko n'kumene kumachititsa ambiri kuulemba asanaganize bwino.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Down Shops kuno ku Chipata, mu Novembala pamene alimi ali pamzere kuyambira m'mawa. Wogulitsa aliyense ali ndi laputopu, ndipo thumba lililonse likagulidwa uthenga uyenera kupita ku kompyuta ya mu ofesi yosunga kaundula wa katundu. ZeroMQ imalola kuti mbali iliyonse ichite bind, koma ine ndimaumirira kuti ichite ya mu ofesi, chifukwa ndiyo sisuntha. Chigayo chimakhala pamalo amodzi, ndipo eni chimanga ndiwo amachilondola. Malaputopu amazimitsidwa, amapita kunyumba, mawa amabwera ndi adiresi ina yochokera ku router, kachipangizo kolumikiza makompyuta a m'sitolo, choncho ntchito yawo ndi connect basi, kutanthauza kulondola adiresi ya yodikirayo. Kompyuta ya mu ofesiyo ipatsidwe adiresi yosasintha, monga 192.168.1.10, apo ayi tsiku lina magetsi atabwerera router idzaipatsa nambala ina, ndipo malaputopu adzakhala akuitana pamalo popanda woyankha.

Chimene ndimaikondera ZeroMQ n'chakuti laputopu ikhoza kuchita connect kompyuta ya mu ofesi isanayake n'komwe. Socket ya PUSH, yotumiza ya pa laputopu, imasunga mauthenga pamzere, mpaka 1000 ngati simunasinthe malirewo, n'kumayesabe kulumikizana mpaka socket ya PULL, yolandira ya mu ofesi, itachita bind, kenako n'kuwatumiza onse. M'dera limene magetsi amazimazima ili ndi thandizo lalikulu, komabe tisaiwale kuti mzerewo uli mu memory yokha, ndiye pulogalamu ikatsekedwa mauthengawo apita. Nkhani ya ndalama ndi katundu iyenera kulembedwanso pa disiki ya laputopuyo.

Pamene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi pa kanyenyezi (*) kaja ka mu tcp://*:5555. Mukalemba tcp://127.0.0.1:5555, socket imamva mapulogalamu a mu kompyuta yomweyo okha, ndipo n'chifukwa chake pulogalamu imayenda bwino poiyesa koma laputopu ya pakauntala osaifikira. Mukalemba tcp://*:5555, mwatsegula port imeneyo pa netiweki iliyonse imene kompyutayo yalumikizidwako, kuphatikizapo Wi-Fi imene mwina mwini sitolo anapatsa password yake kwa achibale ndi anansi. ZeroMQ payokha sifunsa wolumikizana kuti ndiwe yani, ndipo sibisa zimene zikutumizidwa pokhapokha mutayatsa CURVE, njira yake yachitetezo, imene inabwera ndi ZeroMQ 4.0 mu 2013. Munthu aliyense wodziwa port angathe kutumiza uthenga wabodza wakuti matumba 50 agulidwa, ndipo kaundula adzaulandira mosakayika. Kwa ine njira yabwino ndi kutchula adiresi yeniyeni ya netiweki ya m'sitolo, tcp://192.168.1.10:5555, kuuza firewall, mlonda wa zolowa mu kompyuta, kuti ilole malaputopu odziwika okha, ndiponso kuyatsa CURVE ngakhale sitoloyo ikhale yaing'ono.

Bind ikakana ndi mawu akuti "Address already in use", pali pulogalamu ina imene inatenga kale port imeneyo, kawirikawiri ndi yanu yomwe imene sinatsekedwe bwino, ndipo pa Linux lamulo la ss -ltnp limaionetsa. Ma port amalekezera pa 65535, koma pa Linux apansi pa 1024 amafuna chilolezo cha root, woyang'anira wamkulu wa kompyutayo, choncho ingosankhani nambala yokulirapo.

Vuto lina limabuka sitolo ikatsegula nthambi ku Katete kapena ku Lundazi. Ngati ofesi ya ku Chipata imalandira intaneti kudzera pa SIM, nthawi zambiri imagawana adiresi imodzi ya panja ndi makasitomala ena ambiri a kampani ya foni, ndiye bind idzatheka popanda dandaulo lililonse koma uthenga wochokera ku Lundazi sudzafika. Zikatero kompyuta ya mu ofesi yasiya kukhala malo odziwika, ndipo bind iyenera kusamukira pa seva yobwereka imene ili ndi adiresi yakeyake pa intaneti, kuti Chipata, Katete ndi Lundazi onse azichita connect kumeneko.