Njinga yanga yavula penti

Dzulo ndinapala penti yonse pa felemu ya njinga yanga yachitsulo, ma lug n'kuonekera bwinobwino. Ndi timakapu tachitsulo tomwe mapaipi amalowamo, kenako mkuwa kapena siliva wosungunuka amalowerera m'mipata n'kugwira zolimba. Kukongola kwake, eee! Vuto n'lakuti lug iliyonse imabwera ndi kapendekedwe kake kale, ndiye mmisiri sangasinthe kaimidwe ka felemu mmene akufunira.

Njira ina yolumikizira mapaipi a felemu ilibe timakapu. Amangounjika mkuwa pomwe mapaipi akumana, n'kusalaza ndi tupa mpaka msoko usaoneke. Paipi yaikulu kapena yaing'ono imatheka, kungoti tupayo amalemetsa manja.

Ine ma lug anga sindiwabisa ayi, ndiwapaka mtundu wawowawo. Wofiira kapena wachikasu, ndikadasinkhasinkha.