Kuchoka pa Mtukula Pakhomo n'kubwerera ku ntchito za mthandizi

Muno m'Malawi tilibe thumba la boma lolipira munthu mwezi ndi mwezi chifukwa choti ntchito yamuthera. Abale athu amene anagwirapo ntchito yolembedwa ku South Africa amalidziwa thumba la UIF, lomwe wantchito amaponyamo 1 peresenti ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezerapo 1 peresenti inanso, kuti ntchito ikatha munthu alandireko kangachepe kwa miyezi ingapo. Ife kuno ku Ntcheu chimene tili nacho ndi Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, komanso ntchito za mthandizi zimene masiku ano zikudziwika kuti Mbwezera Chilengedwe. Chimene chikundivutitsa maganizo ndi banja limene lachotsedwa ku Mtukula Pakhomo ndipo likufuna kubwerera ku mthandizi, chifukwa mabanja oterewa ndi amene amatsalira pakati, uku osalandira, uku osagwira ntchito.

Ndondomeko ziwirizi zinakonzedwera mabanja osiyana, ndipo ndi bwino kuyamba tamvetsa zimenezi tisanadandaule. Mtukula Pakhomo unayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, kenaka unafalikira m'maboma onse 28. Umathandiza mabanja ovutikitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga agogo amene akulera adzukulu amasiye, banja limene mutu wake ndi wodwala matenda a mgonagona kapena wolumala, ndiponso banja limene wamphamvu alipo mmodzi koma omudalira achuluka kupitirira atatu. Chiwerengero chake chinaikidwa pa mabanja pafupifupi 10 mwa mabanja 100 aliwonse. Ntchito za mthandizi, zomwe ambiri tinazidziwira pa MASAF m'zaka za m'ma 1990, zimafuna banja losauka chimodzimodzi koma lokhala ndi munthu woti n'kunyamula khasu. Masiku ano ntchito zake ndi zobwezeretsa nthaka: kukumba ngalande zosunga madzi m'mapiri, kutseka zigwembe ndi miyala, kubzala udzu wa vetiva m'mizere ya akalozera, kufesa ndi kubzala mitengo. Aliyense amene anayendapo m'mapiri a Kirk Range nthawi ya dzinja, n'kuona mmene madzi amakokololera nthaka kutsikira ku chigwa cha Bwanje, sangafunse ngati ntchitozi n'zofunika.

Popeza ndondomekozi zinakonzedwera mabanja osiyana, banja limodzi siliyenera kupezeka m'ndondomeko zonse ziwiri nthawi imodzi. Lamulo limeneli ine ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, pakuti malo ndi ochepa pomwe ovutika ndi ambiri, ndipo sichingakhale chilungamo kuti khomo limodzi lizilandira kawiri pamene loyandikana nalo likugona ndi njala.

Vuto limabwera chifukwa moyo wa pabanja suima malo amodzi. Tiyerekeze mayi wina wa kwa Ganya amene kale ankagwira nawo mthandizi. Mwamuna wake atamwalira, iye n'kudwala, banja lija linalowa mu Mtukula Pakhomo. Patapita zaka, mayiyo wachira, mwana wake woyamba wakula, ndipo pa kalembera watsopano banjali lapezeka kuti tsopano lili ndi anthu otha kugwira ntchito, choncho lachotsedwa. Kuchotsedwako n'kolondola malinga ndi malamulo. Koma umphawi sunachoke pakhomopo: munda ndi womwewo wa theka la ekala, feteleza n'ngosagulika, ndipo ndalama imene inkagula makope ndi sopo yaima. Mwanzeru zonse banja lotere ndilo loyamba kuyenerera mthandizi, chifukwa lachotsedwa kwinaku pa chifukwa chomwecho chimene chimaliyenereza kunoku. Komabe kuchotsedwa ku Mtukula Pakhomo sikumulowetsa munthu ku mthandizi pakokha, ndipo kugwirako ntchitozi kale sikumusungira malo.

Mayina a opindula amachokera m'kaundula wa boma wotchedwa UBR, momwe munalembedwa mabanja ndi mmene amakhalira: nyumba yawo, katundu, ziweto, chiwerengero cha anthu ndi zaka zawo. Kaundulayu anabwera ndi ubwino waukulu, chifukwa anachepetsa mphamvu ya munthu mmodzi yolemba abale ake okhaokha, ndipo mayina akatuluka amawerengedwa pagulu kuti mudzi utsimikize. Koma kaundula amasunga zimene alembi anapeza tsiku limene anafika pakhomo. Mnyamata amene nthawi imeneyo anali ku Lilongwe akugwira ntchito ya ulonda, kapena anali ku Joni akutumiza ndalama, lero angakhale ali pamudzi ntchito itatha, akudalira maganyu okumba mbatatesi ku Tsangano kapena kusenza matumba pamsika wa Lizulu. M'kaundulamo banja lake likuonekabe monga linalili kale. Ndi mmenenso zilili ndi mayi wa kwa Ganya uja: malo a mthandizi m'dera lake anadzaza iye akadali pa Mtukula Pakhomo, ndipo akapita kukafunsa amauzidwa kuti adikire.

Kudikirako kuli ndi mtengo wake. Banja limene linayamba kuimirira, mwina linagula mbuzi ziwiri ndi kulowa banki m'khonde, limayamba kugulitsa mbuzi zija m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mwana n'kusiya sukulu kukagwira ganyu. Ndalama zonse zimene boma ndi mabungwe anathira pakhomopo kwa zaka zingapo zimasungunuka m'nyengo imodzi ya njala.

Pali zinthu zimene banja lingachite palokha. Dzina la pa chitupa cha unzika lifanane ndi lomwe linalembedwa pa nambala ya foni, chifukwa malipiro ambiri tsopano akudutsira pa foni kapena ku banki, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi kumatha kumanitsa munthu ndalama imene wakhetsera thukuta. Kusintha kulikonse kwa pabanja, kaya imfa, kaya matenda, kaya kutha kwa ntchito, kukanenedwe kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi nthawi yomweyo. Ndipo amene akuona kuti wasiyidwa molakwika akadandaule ku komiti yolandira madandaulo, n'kuonetsetsa kuti dandaulo lakelo lalembedwa m'buku, osati kungomveredwa pakamwa.

Koma mbali yaikulu ili m'manja mwa okonza ndondomekozi. Ndikupempha kuti tsiku limene banja likuuzidwa kuti lachotsedwa ku Mtukula Pakhomo chifukwa lili ndi wogwira ntchito, dzina lake liperekedwe tsiku lomwelo kwa oyang'anira mthandizi m'deralo, ndipo likhale patsogolo malo akapezeka. Ndikupemphanso kuti malamulo obwererera alembedwe m'Chichewa chomveka, apachikidwe kwa amfumu, pasukulu ndi pachipatala, kuti mayi wa kwa Ganya, wa kwa Njolomole kapena wa kwa Phambala adziwe woti amuone, chikalata choti atenge, ndi mwezi umene mayina adzaunikidwenso.