Lipoti la ulendo wa mabotolo, Ngabu mpaka Dyeratu

Abale a gulu mwandivutitsa mokwanira, lipoti lija la ulendo wathu wokacheza ndi anzathu otola mabotolo a pulasitiki ku Dyeratu nali, ndipo wofuna kutsutsa adikire msonkhano wa Loweruka osati kumandiimbira usiku.

Tinapangana 6 koloko pa siteji ya Ngabu koma tinanyamuka 8 itadutsa, chifukwa mayi tcheya anaiwala buku la gulu kunyumba, atabwera nalo anapezeka kuti foni aisiya pomwe anatenga bukupo kkkk. Matumba athu atatu a mabotolo kondakitala anawamanga kumbuyo kwa minibasi ndi kachingwe kamene ine ndinangokaona ndi kunena kuti aka sikafika, koma a msungichuma anati mlembi ntchito yake ndi kulemba, za zingwe azisiye. Chabwino.

Titangodutsa Nchalo, mizimbe mbali zonse, tinangomva phuu! Thumba lalikulu lija lagwa ndi kung'ambika, mabotolo balala mu tala monse, mphepo ikuwakankhira ku ngalande. Lole ya nzimbe kumbuyo ikuliza hutala, dalaivala wathu akutukwana, dzuwa lija mukulidziwa la kuno, 9 koloko koma thukuta kamukamu. Agogo athu amene amati bondo silipinda tsiku limenelo linapinda, anathamangira botolo limodzi mpaka m'munda chitenje chili m'manja. Ana a pamenepo anabwera ngati odzatithandiza, ife nkumati ana aulemu awa eti, osadziwa kuti akusankha abwinoabwino okhala ndi zotsekera kukagulitsa kwa amayi a thobwa. A msungichuma kuchoka pamenepo mpaka Dyeratu anali phee kuyang'ana pawindo.

Anzathu anatilandira ndi nyimbo pansi pa mtengo wa nimu. Anatiitaniranso mtsikana wa m'mudzi momwemo amene akuphunzira za sayansi ku Blantyre. Iye anati mabotolo athu a madzi ndi zakumwa ndi pulasitiki yotchedwa PET, chizindikiro chake ndi nambala 1 ili m'kati mwa timivi titatu kunsi kwa botolo. Anaitulukira ku Britain mu 1941 anthu awiri, Whinfield ndi Dickson, ndipo poyamba inali ya ulusi, za mabotolo zinabwera m'ma 1970. Ndiye jezi ya mpira imene achimwene a kabaza anavala tsikulo ndi botolo la Fanta ndi pachibale, polyester yomweyo, ndipo mabotolo akale akaphwanyidwa ambiri amakasanduka ulusi wa zovala. Anatinso mu 2016 akatswiri a ku Japan anapeza kabakiteriya kodya PET, dzina lake Ideonella sakaiensis (ndinachita kumupempha alembe yekha m'buku), koma kamadya pang'onopang'ono kwambiri moti tisasiye kutola. Lamulo la boma loletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 silikhudza mabotolo, amenewa ndi athu ndithu.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi ndowa. Mtsikana uja anadula botolo ndi sizasi tizidutswa, nkuponya m'madzi pamodzi ndi chotsekera chake. Chotsekera chinayandama, tizidutswa tonse tinamira mpaka pansi. Akuti chotsekera ndi pulasitiki ina yopepuka, PET imalemera kuposa madzi, ndipo ophwanya mabotolo amasiyanitsa choncho. Ndinakumbukira mabotolo aja anadzaza m'bango madzi a namondwe Freddy ataphwa mu 2023, tinkati ndi ambiri, kumene aja anali otseka okhaokha. Otsegula akangomwa madzi amapita pansi pa Shire, uko amakafumbutuka ndi kulowa m'matope momwe mlamba umadyamo. Agogo anangoti "nde tikudya mabotolo?" palibe anaseka kwenikweni.

Kenako mkangano. Mtsikana uja anati botolo la PET limayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma digiri 70, nchifukwa chake limakwinyika ukathiramo zotentha, ndiye thobwa lizizire kaye ndipo botolo lokandika m'kati kapena lomwe munali mankhwala a thonje lisalowenso chakumwa. Apa mayi tcheya anaimirira, akuti mwanawe ine ndayamba kugulitsa thobwa iwe usanabadwe, botolo langa silinaphepo munthu. Mwana waulemu uja anangogwada nkuti amayi sindikukana, koma yesani. Anabweretsa madzi a pamoto, kuthira, botolo linapindika ngati chala cha nkhalamba tonse tikuona. Mayi tcheya anati limenelo ndi la kampani yotchipa. Mpaka pano sanavomere, musawayambe.

Anzathu aja amatiposa pa chinthu chimodzi, amachotsa zotsekera ndi mapepala, kupatula oyera ndi obiriwira, kenako kuwaponda kuti aphwatalale, thumba limodzi limalowa ambirimbiri. Ife timanyamula mpweya kumalipira minibasi. Za kusiya timadzi m'botolo kuti sikelo ikwere anati ogula amadziwa ndipo amadula mtengo, sinditchula dzina koma amene anatsokomola nthawi imeneyo akudzidziwa.

Nkhomaliro inali nsima ya mapira, mlamba wowamba wothira tomato ndi chisoso. Nkhani ya matope ija anthu anaiiwala mbale zitangofika, agogo omwe aja anapempha mutu wachiwiri. Achimwene a kabaza mitanda isanu, ndinawerenga ndekha.

Zikomo anzathu a ku Dyeratu, takhuta kwambiri monga amanenera achemwali athu a ku Bangula. Zikomo amayi amene anaphika pa dzuwa limene lija, zikomo a mfumu potibwereka mabenchi, ndi mtsikana uja popirira mayi tcheya. Anzathuwo abwera kwathu mwezi wa mawa ndiye aliyense abweretse kapu ya ufa, ndipo amene anatenga sizasi ya eni ake mwangozi abwere nayo Loweruka, andifunsa kale kawiri.