Sabata ya atomu m'kalasi la Giredi 10 ku Johannesburg

Lolemba m'mawa ndinalowa m'kalasi la Giredi 10 nditanyamula tchati cha periodic table, ndipo ndisanamalize n'kuchikhoma komwe, mnyamata wina wa kumbuyo anafunsa ngati akuyenera kuloweza mabokosi onse 118. Funso limeneli ndimalimva chaka chilichonse chiyambireni kuphunzitsa Physical Sciences kuno ku Joni, ndipo silindidabwitsa, pakuti nafenso tili ku sekondale kwathu tinkayimba maelementi 20 oyambirira, kuchokera pa hydrogen mpaka pa calcium, popanda kudziwa chifukwa chimene sodium anakhalira pansi pa lithium. Ndinamuuza kuti pa mayeso tchatichi amachita kupatsidwa, choncho ntchito yathu sabata imeneyi inali yophunzira kuchiwerenga.

Sukulu yathu ili mkati mwa tauni, ndipo mwa ophunzira anga muli angapo a makolo ochokera ku Malawi, amene pa buleki amacheza m'Chizulu koma akafika pa desiki yanga amatsitsa mawu n'kufunsa m'Chichewa. Tsiku loyambalo ndinakakamira pa mfundo imodzi yokha, yakuti pakati pa atomu pali nyukiliyasi mmene muli mapulotoni ndi manyutironi, maelekitironi ali kunja, ndipo chimene chimapatsa elementi dzina lake ndi chiwerengero cha mapulotoni basi. Atomu ya mapulotoni 6 ndi carbon. Ya mapulotoni 79 ndi golide, kaya ili m'mphete yaukwati kaya yatsalira m'milu yachikasu ya dothi la migodi imene timaiona pa ulendo wa ku Soweto.

Lachiwiri ndilo tsiku limene ndimalikonda kwambiri, chifukwa golide wa mzinda uno amalowa yekha m'phunziro. Mu 1909 ku Manchester, Hans Geiger ndi Ernest Marsden, motsogoleredwa ndi Ernest Rutherford, ankawombera tizidutswa ta alpha, timene ndi manyukiliyasi a helium, pa kachitsulo kopyapyala kwambiri, ndipo golide anawathandiza chifukwa amasulika mpaka kupyapyala kuposa pepala. Pafupifupi tizidutswa tonse tinkangodutsa ngati panalibe kanthu, koma tochepa kwambiri tinkapatuka kapena kubwerera kumene, ndipo mu 1911 Rutherford anafotokoza kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kadontho kamodzi pakati. Ndinatulutsa njere ya chimanga m'thumba la malaya n'kuwauza kuti aiyerekeze ili pakati pa bwalo la FNB Stadium: njereyo ndiyo nyukiliyasi, ndipo bwalo lonselo mpaka ku mipando ya pamwamba ndi malo a maelekitironi. M'kalasi munangoti zii, kenako mtsikana wina anamenya desiki ndi chikhatho n'kufunsa chifukwa chake dzanja lake silikudutsa. Limeneli ndi funso la munthu amene wayamba kuganiza, ndipo ndinasiya zimene ndinakonza kuti tikambirane za maelekitironi a dzanja ndi a desiki amene amakankhana osalolana kulowererana. Ndinawauzanso kuti golide anapezeka pa Witwatersrand mu 1886, ndi kuti agogo anga aamuna anabwera kuno kudzera ku Theba n'kumakumba mwala umenewo pansi pa nthaka, chonsecho sanamvepo kuti chitsulo chomwecho chinathandiza anthu kuzindikira mkati mwa atomu.

Lachitatu tinali pa ma isotope, amene ndi maatomu a elementi imodzi osiyana chiwerengero cha manyutironi. Ana ambiri akaona 35,5 pansi pa chlorine amaganiza kuti kuli theka la nyutironi, choncho ndinabwera ndi nyemba. Pa nyemba zinayi zilizonse, zitatu zinaimira chlorine-35 ndipo imodzi chlorine-37. Atawonkhetsa anapeza 142, n'kugawa ndi 4, ndipo 35,5 inatuluka yokha m'makope mwawo. Atomu zonsezo zili ndi mapulotoni 17, zimangosiyana manyutironi, tizidutswa timene James Chadwick anatitulukira mu 1932.

Lachinayi linayamba movuta, pakuti gasi wa mu labu anali atatha ndipo panalibe amene anandiuza. Bambo amene amasamalira labu yathu ndi munthu wachikulire wa ku Thyolo, ndipo atandiona ndaima chilili pafupi ndi ma Bunsen burner ozizira anati, "Musadandaule aphunzitsi, tili ndi tinyale ta spirit m'kabati." Ndinawayankha kuti, "Mwandipulumutsa bambo, tiyeni tiyatse timeneti," ndipo tinatseka makatani onse. Mchere wa patebulo utafika pa moto unapereka lawi lachikasu chowala la sodium, mchere wa copper unapereka lobiriwira, wa lithium lofiira, pamene wa potassium unangoonetsa mtundu wofiirira wofooka umene a kumbuyo sanauone bwino. Apa m'pamene ganizo la Niels Bohr la mu 1913 limagwirika ndi maso: elekitironi ikalandira mphamvu ya moto imakwera pa sitepe ya pamwamba, ndipo pobwerera imatulutsa mphamvuyo monga kuwala, koma popeza masitepe a elementi iliyonse ndi akeake, mtundu wa kuwalako nawonso ndi wakewake.

Titabwerera m'kalasi ndinawalembetsa kakhalidwe ka maelekitironi a lithium, sodium ndi potassium, woyamba 2 ndi 1, wachiwiri 2, 8, 1, wachitatu 2, 8, 8, 1, tisanapite ku kalembedwe ka 1s, 2s ndi 2p, mayina a ma orbital (timalo timene maelekitironi amakhala), kamene silabasi ya kuno ya CAPS imafuna. Sindinanene kanthu, ndinangodikira. Mnyamata uja wa funso la kuloweza anadzuka yekha, napita pa tchati, nayendetsa chala kutsika mzere woyamba, n'kunena kuti onsewa ali ndi elekitironi imodzi kunja, n'chifukwa chake ali m'banja limodzi. Mnzake anawonjezera kuti chlorine ali ndi 7 kunja, ndiye akamulanda sodium imodzi ija onse awiri amakhazikika, ndipo umenewo ndiwo mchere umene timathira m'ndiwo. Ndakhala zaka zambiri pa ntchitoyi, koma mwana akatulukira yekha chinthu chotere mtima wanga umadumphabe.

Nkhani ya Dmitri Mendeleev ndinaisunga dala mpaka Lachisanu, ngakhale mabuku ambiri amayamba nayo, chifukwa mwana amene sanamvetse maelekitironi sangaone kukula kwa zimene munthuyu anachita. Mu 1869 elekitironi inali isanadziwike, pakuti J.J. Thomson anaitulukira mu 1897, komabe Mendeleev anasanja maelementi motsata kulemera ndi makhalidwe awo, nasiya mipata ya amene anali asanapezeke, n'kulosera mmene adzakhalire. Gallium anapezeka mu 1875 ndipo germanium mu 1886, chaka chomwecho cha golide wa kuno, onse awiri akufanana ndi zimene iye ananena. Ndinawapatsa makadi a maelementi kuti asanje motsata kulemera, ndipo anakodwa pa argon ndi potassium, popeza argon ndi wolemererapo pang'ono koma amabwera patsogolo. Yankho linaperekedwa ndi Henry Moseley mu 1913, pamene anaonetsa ndi ma X-ray kuti mndandanda woona umatsata nambala ya atomu, imene ndi chiwerengero cha mapulotoni, 18 ya argon kenako 19 ya potassium. Kamayeso ka masana kanandionetsa kuti nambala ya atomu aimvetsa, koma ambiri akusokonezabe kudzaza kwa ma orbital a p, ndiye Lolemba tidzayambira pamenepo.

Loweruka ndimaphunzitsa ana a anzathu a ku Malawi mu holo ya tchalitchi, ndipo kumeneko timayankhula Chichewa chokhachokha. Bambo wina amene anabwera kudzatenga mwana wake anakhala pa benchi ya kumbuyo n'kumamvetsera, ndipo pomaliza anafunsa mwaulemu ngati zilembo za pa thumba la feteleza amene amatumizira ndalama kumudzi zilimo m'tchatimo. Ndinawapempha kuti abwere kutsogolo, ndipo tinapeza N ya nitrogen pa bokosi 7, P ya phosphorus pa 15, S ya sulphur pa 16 ndi K ya potassium pa 19. Ndinawafotokozera kuti pa thumba la 23:21:0+4S ziro uja akutanthauza kuti potassium mulibe. Anafunsanso za uranium wa ku Kayelekera ku Karonga, ndipo mwana wawo ndiye anawalozera bokosi 92 m'munsi mwa tchati, nawauza kuti uranium-235 ndi uranium-238 ndi elementi imodzi yosiyana manyutironi atatu. Bambowo anatulutsa foni n'kujambula tchaticho, nandifunsa ngati sabata yamawa angabwere molawirira kuti amve phunzirolo kuyambira poyamba.