Loweruka ku Oviedo: phiri, mtanda ndi sidra

Kwacha ndi kamvula kowaza. Kuno ku Asturias, chigawo cha kumpoto kwa dziko la Spain chomwe likulu lake ndi Oviedo, munthu akati adikire dzuwa satuluka m'nyumba, choncho ndinangotenga ambulera n'kukwera phiri la Naranco. M'mbali mwake muli kanyumba ka miyala kotchedwa Santa María del Naranco, komwe mfumu Ramiro I inamangitsa m'zaka za m'ma 840. Poyamba inali nyumba yachifumu, utchalitchi unabwera pambuyo. Ndi yopapatiza, yaitali, zipilala zake zosemedwa mopotapota. Palibe kudzikuza kulikonse, koma yaima zaka zoposa 1,100.

Potsika ndinaima pakhomo pena kuyang'ana hórreo, nkhokwe yawo ya matabwa. Imakhala pa mizati inayi, ndipo pamutu pa mzati uliwonse amaikapo mwala waphanthiphanthi wotambalala, kuti khoswe akakwera afike pamwalapo n'kusowa pogwira. Pansi pake eni nyumba anaunjikapo nkhuni.

Masana ndinalowa m'tchalitchi chachikulu cha mzindawu, m'kachipinda kotchedwa Cámara Santa. Muli mtanda uja uli pa mbendera yawo yabuluu, Cruz de la Victoria: mkati ndi mtengo, kunja golide ndi miyala yonyezimira, mphatso ya mfumu Alfonso III mu 908. Nkhani ya pakamwa imati mtengowo anaunyamula Pelayo, mfumu yoyamba ya Asturias, ku Covadonga cha m'ma 722, pamene anagonjetsa asilikali a Chisilamu m'mapiri muja. Zimenezo ine ndimazimva ngati nthano yokoma basi. Chinandigwira mtima n'china. Mu Okutobala 1934 anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha anaukira boma, ndipo pa chipolowecho kachipinda kameneka kanaphulitsidwa ndi dayinamaiti. Asilikali anazimitsa kuukirako m'masabata awiri, anthu ambiri anafa. Makoma amene ndinawaona lero anachita kuwamanganso, mwala ndi mwala.

Madzulo ndinakakhala mumsewu wa Gascona, komwe amagulitsa sidra, mowa wa maapozi. Woperekera amakweza botolo pamwamba pa mutu, tambula ili m'munsi cha pantchafu, maso ali kwina, n'kuthira pang'ono pokha. Pansi ponse chinyontho. Ine ndinayamba kumwa mwaulemu, pang'onopang'ono, mpaka agogo ena a tebulo loyandikana anandigwira pamkono.

"Gugudizani, mwana wanga, thovu likatha mwataya ndalama."

Tinacheza. Bambo awo ankakumba malasha ku Mieres, ndipo agogowo pachipewa anabayapo kamtanda komweko ka pa mbendera. Ndinafunsa kuti, "Nanga agogo, si a m'migodi omwewo anaphulitsa nyumba ya mtandawu?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mtanda ndi wathu, dayinamaiti nayenso anali wathu. Mufuna titaye chiti?"

Kenako anayamba kudandaula za chilankhulo chawo, asturianu. Lamulo la 1998 limachiteteza, zikwangwani zina zimalemba Uviéu pambali pa Oviedo, koma mpaka pano si chilankhulo cha boma, ndipo kusukulu mwana amachiphunzira akafuna. Adzukulu awo amamva koma amayankha m'Chisipanishi. Apa nkhope inasintha, kuseka kuja kunatha.

Anandiitanitsira fabada, nyemba zikuluzikulu zoyera zophikira pamodzi ndi soseji ndi nyama ya nkhumba. Chakudya chimenechi eni ake amadya masana, ndipo m'mimba mwanga mukundiuza chifukwa chake. Mawa basi ya ku Cangas de Onís ndiyenera kuilawirira, kaya ndidzuka.