Nyumba Yanga Inandineneza kwa Apongozi

Woyambitsa zonsezi ndi mlamu wanga wa ku Joni, ngakhale mayi a kunyumba amati ndisamanamizire anthu osalakwa. Iye ndiye anabwera pa Khirisimasi ndi kasipika kozungulira ngati chitumbuwa, n'kukaika patebulo pabalaza, n'kuyamba kukalamula m'Chingerezi. Anati kaimbe nyimbo, kanaimba. Anakafunsa nthawi, kananena. Anakafunsa ngati mawa kugwe mvula ku Lilongwe, kanayankha mwaulemu kuposa ana anga. Pochoka anandisiyira, amvekere: "Alamu, kwathu kuja getsi sitiyatsa ndi chala. Ukangolowa m'chipinda, nyumba imadziwa yokha."

Mawu amenewo anandilowa ngati thekenya. Miyezi ingapo ndinkagona mochedwa, kumaliza mabandulo ndikuwerenga za timasensa toona kuyenda kwa munthu, mpaka ndinafika pomadziyesa injiniya.

Ndinapeza kuti tilipo ta mitundu iwiri. Totchipa, tomwe amatitchula kuti PIR, tilibe kamera ndipo sitiona munthu ngati mmene diso limaonera. Timangomva kutentha kwa thupi. Kutsogolo kwake kuli kapulasitiki koyera mbuu, kokhala ndi timagawo ngati chisa cha njuchi, ndipo timagawoto timaduladula chipinda m'mizere yosaoneka. Chinthu chofunda chikachoka pamzere wina kupita pa wina, kasensa kamati pali munthu. Kamafika mamita pafupifupi 7, kamayendera kabatire kaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, ndipo kabatireko kamatha chaka kapena kupitirira. Mtundu wachiwiri ndi wa radar. Umenewu umaponya mafunde onga a wailesi, n'kumamvetsera mmene akubwererera, moti ngakhale munthu akhale duu, kukwera ndi kutsika kwa chifuwa popuma kumakwanira. Koma ndi wodula, ndipo wangawo unkafuna chingwe cha USB ndi soketi pafupi.

Ndinatumiza ndalama kwa mlamu: timasensa tinayi ta PIR, radar imodzi yongoyesera, mababu asanu ndi limodzi, ndi kabokosi kotchedwa hub, chifukwa tinthu timeneti timalankhulana m'chinenero chawochawo chotchedwa Zigbee, ndipo popanda kabokosiko sitimvana ndi foni kapena kasipika. Katundu anafika pa basi, atakulungidwa m'bulangete la munthu wina.

Loweruka lathunthu linathera pamakwerero. Hub inakana kulumikizana ndi rauta mpaka nditatulukira kuti imangofuna Wi-Fi ya 2.4 GHz, pomwe ine ndinkaikakamiza ya 5 GHz. Kasensa ka pakhonde ndinakaika mkati mwa windo kuti akuba asakabe, osadziwa kuti PIR siona kudutsa galasi, ndiye kanangokhala pamenepo ngati mlonda wogona. Nditakatulutsa panja kanayamba kuyatsira getsi galu aliyense wa mu Area 49 amene wadutsa. Koma pofika madzulo zinthu zinayenda. Ndinkalowa kukhitchini, getsi n'kuyaka. Ndinkatuluka, n'kulowanso, n'kutulukanso, mpaka mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba.

Panali kavuto kamodzi. Mababu anzeruwa amafuna kuti swichi ya pakhoma izikhala yoyatsa nthawi zonse. Wina akangoithimitsa, babu limasanduka logontha, silimvanso sensa kapena mawu. Ndiye ndinamata maswichi onse ndi selotepi yakuda, n'kulengeza lamulo. Komanso poti mayunitsi a magetsi sagwa ngati mvula, ndinatchera kuti getsi lililonse lizithima pakatha mphindi ziwiri kasensa kasanaone kanthu. Ndinadziyamikira kwambiri chifukwa cha nzeru imeneyi.

Mu Okutobala munabwera apongozi anga aakazi kuchokera ku Dedza, atasenza thumba la kachewere.

Amene anakulira kwathu kuno akudziwa. Kumudzi mkamwini ndi apongozi aakazi akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. M'tauni muno zinthu zinafewa, timapatsana moni, timakwera galimoto imodzi, koma malire alipobe, ndipo chitseko cha chimbudzi chili kutali kwambiri kuseri kwa malirewo.

Tsiku lachiwiri, cha m'ma 7 usiku, mayi a kunyumba anali atapita kukapepesa maliro. M'nyumba tinatsala ine, apongozi, ndi kamnyamata kanga ka zaka zinayi. Ndinamva chitseko cha kuchimbudzi chikutsekeka, kuwala n'kutulukira pansi pa chitseko, ine mumtima n'kuti onani chitukuko. Mphindi ziwiri zitakwana, kuwala kuja kunazima.

Mtima unangoti phwii. Ndinazindikira pomwepo chimene ndinaiwala: m'chimbudzi munthu sayendayenda. Amakhala. Ndipo apongozi anga ndi munthu wodekha, amene ngakhale m'tchalitchi sagwedezeka.

Kunamveka kukanda pakhoma, chala chikufufuza swichi, n'kupeza selotepi. Kenako kutsokomola kwaulemu, kamodzi.

Ndinathamangira kasipika n'kukalamula kuti kayatse getsi. Kanandiyankha mokoma kuti sikakutha kulumikizana ndi intaneti. Bandulo inali itatha madzulo omwewo, ndipo kasipikako mawu ako kamayamba kawatumiza kutali pa intaneti kuti akamasuliridwe, ndiye popanda bandulo kamangokhala chokongoletsera patebulo. Ndinatsegula foni, poti hub ndi mababu zimamvanabe m'nyumba momwemo. Koma mababu aja ndinali nditawapatsa mayina akuti Babu 1, Babu 2, mpaka Babu 6, ndipo sindinkakumbuka kuti la kuchimbudzi ndi liti. Ndinayatsa la pakhonde. Ndinathimitsa la pabalaza, ife n'kukhalanso mumdima. Kutsokomola kwachiwiri kunamveka, kokwererako pang'ono.

Njira yachidule inali yoti agwedeze dzanja basi. Koma ndani angaime pachitseko chimenecho n'kulankhula? Ndinagwira kamnyamata paphewa.

"Pita ukawauze agogo agwedeze dzanja m'mwamba."

Kanathamanga, kanamenya chitseko ndi zibakera ziwiri.

"Agogo! Adadi akuti muvine!"

Panakhala bata loti ukanamva nyerere ikuyenda. Kenako kuwala kunatulukiranso pansi pa chitseko. Chimene anachita mkatimo kuti kasensa kawaone sindinafunse, ndipo sindidzafunsa. Anatuluka, anasamba m'manja, anadutsa chakumbali atayang'ana khoma, n'kukagona osadya.

M'mawa mwake ndinakonza zinthu ngati munthu wolapa. Mababu ndinawapatsa mayina enieni. Kasensa ka PIR ndinakachotsa m'chimbudzi, n'kuikamo radar ija, chingwe chake n'kuchidutsitsa pamwamba pa chitseko. Ndinaiyesa ndekha, ndinakhala duu mphindi khumi ndi nyuzipepala, getsi silinathime. Ndinauza mayi a kunyumba kuti akawatsimikizire amayi kuti tsopano akhoza kukhalamo mpaka Khirisimasi.

Koma radar ili ndi khalidwe lake: chitseko chopyapyala cha pulayiwudi imangochidutsa ngati palibe. Moyang'anizana ndi chimbudzi chathu muli chipinda cha alendo, ndipo poti kunkatentha, apongozi ankagona chitseko chili pululu, fani ikuzungulira, katani ikuuluzika. Radar inaona fani, inaona katani, n'kugamula kuti m'chimbudzi muli munthu. Usiku wonse getsi linkayaka, kuthima, kuyakanso, kuwala kukulowera pakagalasi ka pamwamba pa chitseko n'kumakagwera pankhope pawo penipeni. Cha m'ma 3 ndinadzidzimuka ndi mawu a pemphero lamphamvu, lotchula mizimu yoyenda usiku ndi onse oituma. M'mawa anafunsa mwana wawo, motsitsa mawu, ngati nyumbayi inapemphereredwa tisanalowemo, komanso kuti mtsikana wolankhula m'chitumbuwa uja amadya chiyani.

Ndinaichotsa radar ija. M'chimbudzi ndinabwezeramo babu wamba, selotepi n'kumatula. Radar ndinakaiika pashelefu kukhitchini, pafupi ndi mchere ndi botolo la tsabola wa kambuzi, n'kuichepetsa mphamvu kuti izingoona mita imodzi, ndizikaiphunzira bwino ndikapeza mpata.

Apa ndiulule kanthu kena. Kwa miyezi yambiri ndiwo zotsala zinkachepa mufiliji usiku. Mayi a kunyumba ankakayikira mphwanga amene amagona kwathu masiku ena, nthawi zina mtsikana wantchito. Ine, pofuna kuonetsa kuti nkhaniyi ikundipweteka kuposa aliyense, ndinatchera msampha pamaso pa onse: kuyambira 12 koloko usiku mpaka 5 m'mawa, kasensa ka kukhitchini kakaona munthu, magetsi onse ayake, ndipo kasipika kakuwe ndi mphamvu zake zonse mawu amene ndinakalembera. Chichewa sikamva, koma chilichonse chimene walemba kamawerenga, ndi katchulidwe ka mzungu amene wangotsika ndege. Banja lonse linandiyamikira. Chimene sanadziwe n'choti wotchera msampha amadziwa poponda.

PIR imaona bwino munthu wodutsa chopingasa, chifukwa ndiye amadula mizere ija. Munthu wolunjika kumene iko kali, pang'onopang'ono, kamavutika naye. Komanso kukatentha kwambiri, makoma ndi mpweya zikayandikira kutentha kwa khungu, kamachita chidima, ndipo khitchini yathu mu Okutobala imasunga kutentha ngati uvuni wa njerwa. Kasensa kanali pakona pamwamba pa filiji, moyang'anizana ndi khomo. Njira imeneyi ndinali nditaiyenda kangapo osagwidwa.

Loweruka tinapha nkhuku yachikuda yotsanzikana nayo apongozi, yoti tidye Lamulungu pochoka kutchalitchi. Inaphikidwa madzulo, n'kuikidwa mufiliji ndi poto womwe. Fungo lake linandilanda tulo. Cha m'ma 2 ndinadzuka, kabudula yekha, opanda malaya, opanda silipasi. Ndinkangofuna kaphiko kamodzi, Mulungu ndi mboni.

Kuchoka pakhomo la khitchini kukafika pafiliji ndi mamita atatu. Ndinayenda ngati birimankhwe, phazi limodzi, kudikira, phazi lina, manja atamatirira m'nthiti, thukuta likutsika mumsana. Kasensa kanali zii. Nditafika pansi pake penipeni, pomwe sikaonanso, ndinatsegula filiji, ndinavundukula poto, ndipo pamwamba pa zonse, itakhala ngati mfumu pampando, panali nthutumba.

Ndikudziwa. Musandiuze. Nthutumba ndi ya mlendo wolemekezeka, ndiyo umboni woti nkhuku anaphera iyeyo, ndipo ikasowa m'mbale anthu amafunsana ndi maso. Zonsezi ndinaziganiza. Ndinaiuza kuti ndingoilawa m'mbali, kenako ndiitembenuze kuti pachilondapo payang'ane pansi. Ndinaluma. Inali yofewa, yolowa mchere, koma yozizira, ndipo mtima unati pakusowa kambuzi pang'ono. Botolo linali pashelefu, sitepe imodzi kumanzere.

Dzanja lili m'malere ndinakumbuka. Lachinayi, poyesa radar ija, ndinailumikiza ku msampha womwe uja kuti ndimve ngati ikugwira, ndipo sindinaichotse. Ndinauma ngati chitsa, mpweya n'kuugwira, ngati kuti radar ndi njoka yoti ukaima ikupitirira.

Nyumba yonse inati ngwee, mpaka pakhonde. Ndipo pabalaza mtsikana uja anakuwa:

"Wakyuba! Wakyuba kyu-kitchini! Wakyuba!"

Ndinayesa kumuletsa, koma m'kamwa munali nthutumba, ndipo Chingerezi changa, chomwe ngakhale masana chimasokoneza L ndi R, chinatuluka ngati kulira kwa mbuzi. Anapepesa kuti sanamve, n'kupitiriza. Galu wa aneba anayamba. Mlonda wa kuseri analiza wenzulo, wina kutali n'kuyankha. Kwathu kuno mawu akuti wakuba, ngakhale atatchulidwa mokhota chotani, sagwa pansi.

Woyamba kufika sanali mayi a kunyumba. Anali apongozi, chitenje chili m'chifuwa, duku lili pambali, m'manja atanyamula mthiko waukulu umene sindidziwa kuti ankagona nawo chifukwa chiyani. Anaima pakhomo. Anaona mimba yanga, kabudula wanga wong'ambika pathumba, poto wovundukula, theka la nthutumba m'dzanja lamanja, botolo la kambuzi kumanzere. Anatsitsa mthiko pang'onopang'ono, anatembenuka n'kuyang'ana khoma monga mwa mwambo, ndipo analankhula kwa mwana wawo amene anali atangofika kumbuyo kwawo.

"Uwauze bambowo kuti tsabola usiku amawotcha pamtima."

Panja anthu anali atafika kale pageti ndi zibonga. Ndinavala malaya chotembenuza n'kukawauza kuti ndi makina angolakwitsa. Mlonda wa aneba anandiunika ndi tochi kumaso, n'kundiuza kuti bwana, pachibwano pali msuzi.

Lamulungu kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Pankhomaliro ndinadyera pabalaza ndekha, iwo kukhitchini ndi mwana wawo, kumene kunkamveka kuseka kotsekera pakamwa. Ndili pakati pa nsima kanabwera kamnyamata kaja, katanyamula kambale kovundikira ndi manja awiri, n'kugwada monga anakaphunzitsira agogo ake. Ndinavundukula. Munali theka la nthutumba lija, mano anga akuonekera bwinobwino, pambali pake kambuzi mmodzi.

"Agogo akuti munda amamaliza ndi amene anauyamba."

Madzulo ndinatulutsa galimoto kuti ndikawasiye kudepoti. Anatsanzikana ndi mwana wawo, anatsanzikana ndi mdzukulu, anatsanzikana ndi mtsikana wantchito n'kumupepesa chifukwa cha zimene ankamuganizira anthu. Atafika pakhomo anabwerera, anapita patebulo, anawerama pang'ono kutsogolo kwa kasipika kaja n'kuomba m'manja kawiri.

"Tsalani bwino, mayi. Muziwayang'anira."