Lipoti la ulendo wathu wa panjinga kuchokera ku Blantyre kukafika ku Chembe

A tcheya, komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu lopalasa njinga, ndikupereka lipoti la ulendo umene ena a ife tinayenda mwezi wa Julaye, kuchokera ku Limbe kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka kumudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Za ndalama adzafotokoza okha amayi msungichuma. Ine ndilongosola za malo amene tinaima ndi mmene tinawasankhira, chifukwa mkangano waukulu pokonzekera unali pamenepo.

Anyamata ankafuna tigawe njira ndi makilomita basi, tsiku lililonse mlingo wofanana, kulikonse kumene dzuwa latilowera n'kugona komweko. Enafe tinati tiyambe tagwirizana malo amene tikufuna kuwaona ndi ola loyenera kufikapo, makilomita atsatire pambuyo. Maganizo achiwiriwa ndi amene anapambana, ndipo ndikuwaikirabe kumbuyo. Gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay linayang'ana kum'mawa, choncho kukoma kwake ndi mbandakucha, dzuwa likamatuluka kuseri kwa mapiri a tsidya. Gombe la Chembe linapenya chakumadzulo, ndipo dzuwa limalowera pamadzi, cha ku chilumba cha Thumbi. Munthu akafika pa malo awiriwa masana dzuwa lili paliwombo, angoona madzi othobwa m'maso ndi mchenga wootcha mapazi.

Tinasankhanso Julaye chifukwa cha mwera. Mphepoyi imachokera chakum'mwera m'miyezi yozizira, ndiye wopita kumpoto imamukankha kumsana. Pobwerera njinga tinazikweza pagalimoto, popeza kulimbana ndi mwera maso ndi maso, katundu ali pakaliyala, ndi kudzizunza.

Chigawo cha ku Zomba sindichulukitsapo mawu. Ndi makilomita opitirira 60 pamsewu wa M3, kudutsa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, magalimoto ali thithithi ndipo chiperoni chinatiperekeza mpaka kutali. Tinagona ku Zomba. M'mawa mwake tinadutsa Domasi ndi Malosa, ndipo titapitirira Machinga msewu unayamba kutsetsereka kulowera kuchigwa cha Shire. Apa aliyense aonetsetse mabuleki asanatsike, chifukwa njinga yolemedwa ndi tenti ndi madzi siimva msanga. Pamtunda pomwepo tinaima pang'ono kuyang'ana chigwa chonse chili tambalala ndi milambe yake, kenaka majuzi onse anavulidwa.

Pa Liwonde tinawoloka Shire pa Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965 kuti izilamulira madzi opita kumalo opangira magetsi kumunsi kwa mtsinjewu. Ife a ku Blantyre timadandaula magetsi akazima, koma ambiri mwa ife tinali tisanaimepo n'kuona madziwo ndi maso. Tinafika chakumadzulo dala, nthawi imene mvuu zimayamba kumveka.

Kuchoka pa Liwonde kukafika ku Mangochi ndi makilomita opitirira 70 a njira yathyathyathya, kudzera pa Ulongwe. Pamapu msewu umaoneka ngati ukutsata nyanja ya Malombe, koma uli panjinga nyanjayo imangoonekera apo ndi apo kuseri kwa midzi ndi migwalangwa. Kuti uifike uyenera kupatuka. Amene anatithandiza ndi anyamata a kabaza, amene amadziwa kanjira kalikonse. Mmodzi anatitsogolera mpaka padoko la asodzi, natichenjeza kuti, “Mabwana, kuno musayerekeze kusamba, ng'ona si zamasewera.” Tinangokhala pamabwato ogadabuzidwa n'kumwa thobwa.

Ku Mangochi tinapatula theka la tsiku, ndipo sitinataye nthawi. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene boma lija linkatchedwa Fort Johnston. Pomwepo pali mfuti ya m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya kwa nyanja. Palinso chikumbutso cha sitima ya Viphya, imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Wamng'ono kwambiri m'gulu lathu anawerenga mawuwo mokweza, ndipo tonse tinakhala chete. Nyumba yosungiramo zakale za panyanja ili pafupi, kuyenda wapansi. Kumbukiraninso kuti kuno ndi kwa Ayao ndipo ambiri ndi Asilamu. Timakabudula tothina topalasira njinga n'tabwino pamsewu, koma tikatsika pamsika kapena m'mudzi tizivala china pamwamba. Amayi a m'gulu lathu anali atanyamuliratu zitenje.

Msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay nawonso umayenda patali ndi madzi, ndipo mbali zambiri za gombe zinatchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo. Zimenezi zimandiwawa, kuti Mmalawi afike kunyanja ya kwawo n'kumaisuzumira pampata wa geti. Ife tinali titakonzeratu zogona pamudzi wa asodzi chakupitirira Nkopola. A tcheya a ulendo anapita kukaonekera kwa amfumu ndi kwa akomiti ya padoko, ndipo anatilozera poimika matenti pansi pa mtengo. Usiku nyali za asodzi a usipa zinandandalika panyanja. Tambala woyamba atalira tinadzuka, ndipo kuwala kutangoyamba mabwato anayamba kukocheza. Amayi ogula nsomba analowa m'madzi mpaka m'mawondo, mabeseni ali pamutu, kukanganirana mtengo bwato lisanagunde mchenga. Usipa unkathiridwa pamathandala ukunyezimira, ana akuthamangitsa akhwangwala. Agogo ena osoka ukonde anandifunsa kumene tachokera, ndipo nditanena kuti ku Blantyre anagwira tayala la njinga yanga n'kuti, “Mwana wanga, pa chimenechi?” Pa malo onse amene tinaima, awa ndi amene sindingalole kuti achotsedwe pandandanda.

Mphambano ya ku Cape Maclear ili musanafike pa Monkey Bay, ndipo kuchoka apo ndi makilomita pafupifupi 18 okwera ndi kutsika m'mapiri. Tinadikira kuti dzuwa lipendeke. Tinaima pa Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu la mizeremizere limene lili m'gulu la zipilala zotetezedwa ndi boma, ndipo anyani anali mbwee m'mbali mwa msewu, choncho chakudya chisamakhale poyera pakaliyala. Tinafika ku Chembe nthawi yabwino yotsitsa katundu n'kukhala pamchenga dzuwa lisanalowe.

Tsiku lotsatira njinga zinapuma. Tinalipira polowera ku Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu timene timakhala m'miyala. Ku Otter Point timaoneka uli chiimire m'madzi. Tinaonanso manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika kuno mu 1875 ali ndi Dr Robert Laws, koma malungo anawasamutsira ku Bandawe mu 1881. Malungowo akadalipo, ndiye neti isatsale. Ndipo aliyense amene anasamba m'nyanja apite kuchipatala akayezetse likodzo, asadikire zizindikiro.

Pa njinga sitinavutike kwambiri. Matayala anaphwa kangapo chifukwa cha minga ya m'tinjira topatukira kunyanja, choncho ulendo wina aliyense adzatenge machubu ake, zigamba ndi pampu. Madzi tinkatunga pamijigo.

Pempho langa ku komiti ndi loti chaka chamawa tidzayambire ku Monkey Bay, tilowere ku Golomoti, tiime ku Mua kukaona malo a zachikhalidwe a Kungoni, kenaka Chipoka mpaka ku Senga Bay. Nkhaniyi iikidwe pamndandanda wa zokambirana pamsonkhano wathu ukubwerawu.